Singano Yopanda Nsonga

MUTU 7

1. Chipinda cha pansi

Pachipatala chachikulu chija panali chipinda chimodzi chimene odwala sankachidziwa, ndipo madokotala ambiri ankangochimvera mbiri. Unkatsika masitepe khumi ndi asanu ndi atatu, kudutsa pochapira nsalu za pabedi, kenako n'kukhotera kumanzere. Mmenemo ndi momwe munkathera mafaelo onse a odwala. Windo linali limodzi lokha, kam'mwamba pafupi ndi denga, moti ukayang'ana kunja unkangoona miyendo ya anthu odutsa.

Mtsikana wathu ankagwira ntchito mmenemo. Kwawo ankamutcha Kabatani, chifukwa ali wamng'ono ndiye ankasokerera mabatani pa malaya amene mkulu wake, telala, ankasoka. Pachipatalapo panalibe wodziwa dzina limeneli. Ankangoti "kamtsikana ka pansi kaja". Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo anali atatha miyezi iwiri pachipatalapo akuphunzira ntchito yoika manambala pa mafaelo.

Ntchito imeneyi ukamaimvera kwa ena imaoneka yamasewera. Dokotala akaona wodwala amalemba zomwe wapeza. Faelo ikatsikira pansi, wina amawerenga zolembazo n'kufufuza nambala yake m'buku lalikulu, pakuti nthenda iliyonse ndi bala lililonse zili ndi nambala yakeyake. Nambalayo ikalowa m'kompyuta, faelo imatsekedwa n'kupita kosungira, kapena imabwerera pamwamba kuti wodwala aitanidwenso. Ndiye inu muziti n'zamasewera!

Kabatani ankadya buledi wake yekha pa desiki. Anzake a kusukulu anatumizidwa kuzipatala zina. Foni yake ankaitchaja kamodzi pa masiku atatu, chifukwa panalibe woimba. Kunena zoona, mtsikanayu ankasungulumwa kwambiri, ngakhale sankauza munthu.

Komatu m'tauni momwemo munali mkulu wake, amene anamulera makolo awo atamwalira. Anali asanalankhulane kwa miyezi isanu ndi itatu. Tsiku lomwe Kabatani ankachoka kupita kumaphunziro, mkulu wakeyo anali ndi pakati, ndipo anamupempha kuti adikireko mpaka mwana abadwe. Kabatani anayankha ndi pakamwa pa chibwana.

"Ine sindidzakalambira pa makina ngati inu, achemwali."

Mkulu wake anangoponda makina. Mwana anabadwa, Kabatani anamva kwa anthu, koma manyazi anamumanga miyendo. Mpaka tsiku limeneli anali asanamuone mwanayo.

2. Mawu a Mayi Mafaelo

Womuphunzitsa ntchito anali mayi wachikulire amene anakhala m'chipinda chimenecho zaka makumi atatu. Aliyense ankawatcha Mayi Mafaelo. Magalasi awo ankakhala kunsonga kwa mphuno, ndipo ankayang'ana munthu pamwamba pa magalasiwo ngati wawabera kanthu.

Lachinayi m'mawa anafika atanyamula chikwama m'khwapa, osakhala pansi n'komwe.

"Lero ndikusiya wekha, mwana wanga. Ndili ndi msonkhano pamwamba mpaka masana. Mulu uwu ndi wa kuchipinda cha ngozi, uthe isanakwane folo koloko, wa ngolo akabwera kudzatenga asapeze zolendewera. Koma ima kaye, siya cholembera, undiyang'ane."

Kabatani anasiya cholembera.

"Ife muno sitichiza munthu. Sitigwira jakisoni, sitimanga bandeji, magazi timangowaona ouma pa pepala. N'chifukwa chake ana a masiku ano mumayesa ndi ntchito ya ulesi. Koma ndikuuze, nambala yolakwika imagoneka munthu pakhomo pomwe amafunika kubwerera kuchipatala. Faelo ikatsekedwa, yatsekedwa. Palibe dokotala amene adzatsike masitepe awa kudzaifunafuna. Iweyo ndiwe maso omaliza kuiona. Ulembe zimene dokotala walemba, osati zimene mutu wako ukulota. Ukaona kuti zolemba zikutsutsana, usasankhe wekha ayi. Pali kapepala kachikasu aka. Ulembe funso lako, usaine dzina lako lonse, ukwere nako pamwamba. Akakukalipira, akukalipire, kukalipa sikutupitsa munthu."

Anakankhira magalasi m'mwamba, magalasiwo n'kutsetserekanso.

"Chinanso, ichi ndiye usadzachiiwale mpaka kumanda. Ukaona dzina la m'bale wako, la mnzako, ngakhale la woyandikana naye nyumba, usatsegule. Uiike pambali, ndidzaione ine. Panali mtsikana pa mpando wakowo, wanzeru kuposa iwe, dzanja lake lokongola ngati la makina. Anatsegula faelo ya mlamu wake, madzulo n'kukauza mayi ake, eti pofuna kuthandiza. Mmene sabata imatha msewu wonse unali ukudziwa matenda a munthu uja. Banja linatha. Mtsikanayo ndinamuperekeza ndekha mpaka pageti, akulira, ine ndikuliranso, koma sanabwerere. Zimene waona muno zimatsala muno. Sutumiza uthenga, suimba foni, sunong'oneza munthu. Wophunzira akagwidwa atatsegula ya m'bale, maphunziro athera pomwepo. Wandimva?"

"Ndamva, mayi."

"Kumva n'kumva, tidzaona." Anatuluka, nsapato zawo zikumveka kwe, kwe, kwe pa masitepe, mpaka m'chipindamo munati zii.

3. Kathumba ka pulasitiki

Kabatani anayamba. Wothyoka mkono, wolumidwa ndi galu, mwana womeza batani, wopsa ndi mafuta. Ankawerenga, kufufuza m'buku, kulowetsa nambala, kutseka. Dzuwa litafika pa windo paja anali atatsiriza makumi awiri ndi awiri.

Faelo yotsatira inali yopyapyala, koma inali ndi kachinthu kotumpha mkati. Ataikoka pa mulu inatseguka yokha, n'kuonetsa kathumba ka pulasitiki komatidwa pa tsamba la namwino. M'kathumbamo munali kachigamba ka nsalu yabuluu, ya yunifolomu ya sukulu, ndipo pa kachigambapo panali patabayidwa singano ya pamanja. Ulusi unali ukadali m'kabowo, womangidwa mfundo ziwiri zotsatizana.

Munthu womanga mfundo choncho ankamudziwa mmodzi yekha padziko. Anatembenuza chikuto. Dzina linali la mkulu wake.

Apa ndiye panali pofunika kutseka n'kuika pambali, monga anauzidwira m'mawa womwewo. Koma abale inu, ndi mng'ono uti angaone singano ndi magazi pa faelo ya mkulu wake n'kupitiriza ntchito ngati palibe kanthu? Anawerenga.

Namwino analemba kuti Lolemba masana kunabwera mayi woyamwitsa, telala, atabayidwa ndi singano pa bere lakumanzere. Singanoyo anaibaya yekha pa bulawuzi, pachifuwa, n'kuiwala. Ponyamula mpukutu wa nsalu anaukumbatira, singano n'kulowa. Wodwalayo anati waizula yekha, ndipo wabwera nayo.

Kabatani anagwira pakamwa. Chizolowezi chimenecho! Kangati konse ankawauza kuti achemwali, pali kapilo ka singano apa, bwanji mumabaya pachifuwa? Iwo ankangoseka n'kunena kuti kapilo kamasowa koma chifuwa sichisowa.

Dokotala analemba mizere itatu yokha. Bala loboola, bere lakumanzere, mulibe chotsalira mkati. Latsukidwa, jakisoni wa kafumbata waperekedwa, wodwala wapita kunyumba.

Kabatani anatsegula buku lalikulu lija. Bala loboola la pa bere lakumanzere, lopanda chotsalira mkati, wodwala wobwera koyamba: S21.032A. Mzere wapansi pake pang'ono unali wa bala lomwelo koma lokhala ndi chotsalira mkati: S21.042A. Yoyambayo inkatseka faelo. Yachiwiriyo sakanailemba yekha popanda mawu a dokotala.

Analemba S, analemba 2, analemba 1. Kenako maso ake anabwereranso pa kathumba kaja, ndipo dzanja linaima.

Telala akabaya singano pa nsalu amailowetsa n'kuitulutsa, kuti kabowo kaoneke mbali ino, nsonga ioneke mbali inayo. Kabatani anali atachita zimenezi kambirimbiri asanadziwe n'kuwerenga komwe. Koma singano iyi inalowa m'kachigambamo osatulukira kwina. Anakankha kansaluko pang'onopang'ono ndi chikhadabo, osatsegula kathumbako. Singano inaonekera yonse. Kumapeto kwake kunali kobuntha, kothyoka.

Anaiyeza pa chala chake cholozera. Singano za mtundu umenewo zinkamufika pa mfundo yachiwiri ya chalacho. Iyi inaperewera.

Nsonga inali kuti? Kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi anali masiku atatu.

Anatulutsa foni, n'kuiyang'ana, n'kuibwezera m'thumba. Kuimba kunali koletsedwa, komanso akanayamba ndi mawu ati patatha miyezi isanu ndi itatu? Anayang'ana pa kompyuta. Akanangomaliza nambala ija, palibe akanadziwa kuti anatsegula faelo ya m'bale. Anayang'ana pa desiki ya Mayi Mafaelo. Akanaiika pamenepo, mwina ikanaonedwa madzulo, mwina mawa, ndipo iwo sanasokepo ngakhale batani limodzi moti n'kukayikira kachigamba.

Pa windo paja miyendo ya anthu inkangodutsa. Panalibe womufunsa nzeru, ndipo anachita mantha kwambiri.

Anafufuta zilembo zitatu zija. Anatenga kapepala kachikasu n'kulemba kuti: "Singano yomwe ili m'faelo ilibe nsonga. Kodi nsongayo inapezeka?" Pansi pake anasaina dzina lake lonse, lomwe chakumapeto kwake linali lofanana ndi la pa chikuto.

4. Pamwamba

Masitepe aja sanatalikepo ngati tsiku limenelo. Kuchipinda cha ngozi kunali anthu pwirikiti, ena pa mabenchi, ena pansi, ana akulira, ngolo zikukulika. Kabatani anaima pakhoma atakumbatira faelo kwa theka la ola, anthu akumudutsa ngati mzati.

Dokotala amene anasaina faeloyo anali wamtali wowerama, ndipo anthu ankangomutcha Dokotala Wamtali. Anatuluka m'kachipinda akuvula magolovesi, maso ali psuu chifukwa cha kutopa.

"Pepani adokotala, ndachokera pansi. Ndili ndi funso."

"Pansi? Ikani m'bokosi umo, ndiona Lolemba."

"Sizingadikire Lolemba, adokotala."

Dokotalayo anatembenuka n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Analandira kapepalako, n'kuwerenga ali chiimire.

"Mayi wa singano uja? Ndikumukumbuka. Ndinapapasa, sindinamve kanthu. Ndinamuuza kuti adikire kujambulidwa, iye anati wasiya khanda kwa aneba, ndipo singano waizula yonse, nayi. Ndinaiona ndi maso angawa. Ndiye inu a pansi mwayamba liti kuyeza odwala?"

"Sindinayeze wodwala. Ndayeza singano."

"Singano zimasiyana, mtsikana iwe. Zina zazitali, zina zazifupi."

"Inde adokotala, koma zonse zimakhala ndi nsonga."

Mawu ake anatuluka otsika kwambiri, koma namwino wachikulire wa tsitsi la imvi, amene ankakonza thireyi pafupi, anawamva. Anabwera, anatenga faelo, n'kukweza kathumba kaja poyera. Anakayang'anitsitsa, kenako anakapereka kwa dokotala.

Dokotala Wamtali anapukuta nkhope ndi chikhatho.

"Inali yobayidwa m'kansalu aka. Sindinaizule." Anapumira m'mwamba. "Ndinalakwitsa. Sisita, mayiyu aitanidwe lero lomwe lino, ajambulidwe akangofika, asaime pa mzere." Analemba msangamsanga pansi pa kapepala kachikasu, kenako cholembera chake chinaima pa dzina lija. Anayang'ana pa chikuto, anayang'ana Kabatani.

"Uyu ndi ndani wako?"

Apa akanatha kunena kuti mayina amangofanana. Anthu angati amafanana mayina?

"Ndi achemwali anga."

"Malamulo a pansi ukuwadziwa?"

"Ndikuwadziwa."

Dokotalayo anapukusa mutu, koma osati mwaukali. Wina anamuitana kuchipinda china, ndipo anathamangira komweko.

5. Nambala yachiwiri

Namwino wa imvi uja anamutengera Kabatani pa tebulo lake. Anatsegula kompyuta n'kupeza khadi lomwe wodwala amadzaza polembetsa, lomwe silitsikira pansi. Anaimba nambala ya mkulu wake wa Kabatani. Inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso kachiwiri, kachitatu. Palibe anayankha.

"Amayankha foni nthawi zonse," anatero Kabatani. "Makasitomala amaimbira pomwepo. Ngakhale ali pa makina amayankha."

Namwino sanafune kumuyang'ana kumaso.

"Tiyese ya wachibale. Aliyense timamufunsa kuti zitavuta tiimbire ndani." Anawerenga pa kompyuta, akudina manambala mmodzimmodzi.

M'thumba la siketi ya Kabatani munayamba kunjenjemera. Kenako kanyimbo kanalira, kanyimbo komwe mwini wake anali atatsala pang'ono kukaiwala. Anatulutsa foni n'kumangoiyang'ana ikulira m'manja mwake.

Namwino anaika foni ya chipatala pansi pang'onopang'ono. Anatembenuza kompyuta kuti mtsikanayo aone. Pa mzere wa wachibale panalembedwa nambala yake, ndipo pambali pake panali mawu awiri: mng'ono wanga.

Kabatani analira. Sanalire mobisa ayi, analira ngati mwana, pamaso pa odwala onse a pa benchi. Miyezi yonseyi ankaganiza kuti anafufutidwa, pomwe Lolemba lomweli munthu ali ndi ululu, magazi ali pa bulawuzi, anatchula nambala yake pamtima.

Namwino anamusiya alire pang'ono, kenako anamupatsa thonje kuti apukutire mphuno.

"Basi, zakwana. Tsopano sukupita ngati wa mafaelo ayi. Chipatala chaimbira wachibale, wachibale wayankha, ndiye ndikukutuma ine. Koma undimvetsetse, chifukwa achibale ndi amene amationongera ntchito. Bala loboola ndi lachinyengo, mwana wanga. Kunja kabowo kake kamachepa ngati poluma udzudzu, kamatseka msanga, munthu n'kumati ndachira. Koma dothi ndi kachitsulo zatsekeredwa mkati. Bere la woyamwitsa ndi lofewa, lodzaza mkaka, silichedwa kuchita mafinya. Komanso kuseri kwake kuli mapapo, n'chifukwa chake Lolemba tinamvetsera m'chifuwa tisanamulole kupita. Tinamuuza kuti akaona pafiira, patupa, pakutuluka mafinya, thupi latentha, kapena akupuma movutikira, abwerere msanga. Koma azimayi a ntchito za manja ndimawadziwa ine, amati ndimalize kaye iyi, ndimalize kaye iyi, mpaka kugwa."

Anamugwira pa phewa.

"Ukakafika usakafinye. Usakatokose ndi singano ina, ndi lezala, ngakhale ndi chikhadabo, eti ukufuna nsonga. Ungaikankhire mkati. Usakathowe, usakapake chilichonse chimene aneba angakupatse, ngakhale atalumbira kuti chinachiza azakhali awo. Ukangomutenga n'kubwera naye, pamodzi ndi mwana. Za kuyamwitsa adzanena dokotala akamuona. Akakana, usakakangane naye. Ukamuuze kuti singano yake tayiona, ilibe nsonga. Telala amva."

Kabatani anagwedeza mutu. Atatembenuka kuti azipita, anangoti maso ndi maso ndi Mayi Mafaelo. Anali ataima pakhomo, chikwama m'khwapa, magalasi kunsonga kwa mphuno. Msonkhano unali utatha, ndipo nkhani za pachipatala zimayenda msanga kuposa ngolo.

Mayiwo anatenga faelo pa tebulo la namwino. Anawerenga kapepala kachikasu, funso ndi yankho lomwe, kenako dzina la pansi lija.

"Funso walemba bwino," anatero. "Lalifupi, lopanda nzeru zako. Nambala sunaike?"

"Sindinaike, mayi."

"Idikire chithunzi. Faelo iyi sudzaigwiranso, ndi yanga." Anatseka chikuto. "Koma unatsegula, ndipo unawerenga, nditangokuuza m'mawa momwe muno. Zimenezo sindingazikwirire, mwana wanga, ngakhale nditafuna. Mawa eyiti koloko undipeze ku ofesi ya akuluakulu, ukafotokoze ndi pakamwa pako. Chomwe akagamule sindikuchidziwa."

"Chabwino, mayi."

"Nanga ukuimiranji? Mulu wotsalawo ndimaliza ine. Thamanga!"

6. Chitseko

Minibasi inayenda ngati ikuchita dala. Inkaima paliponse, kondakitala akuitanira anthu omwe analibe n'cholinga chokwera chomwe. Kabatani anaimba nambala ya mkulu wake kanayi ali m'njira. Ulendo wachinayi foniyo inali itazima.

Anatsikira pa siteji yakale ija n'kulowa m'kanjira ka pakati pa okonza njinga ndi ometa tsitsi. Zonse zinali momwe anazisiyira. Wometa uja anamuona n'kukuwa kuti, "Aa, Kabatani, uli moyo?" Iye sanaime.

Shopu ya mkulu wake inali kachipinda ka kutsogolo kwa nyumba. Chibadwire Kabatani anali asanaionepo yotseka dzuwa lili pamutu, kupatula tsiku la maliro a mayi awo. Nthawi ngati imeneyi makina ankamveka munthu ukadali kwa okonza njinga.

Lero kunali zii. Chitseko chinali chotseka. Anasuzumira pa windo. Makina anali osavundikira, malaya a yunifolomu ali pansi pa singano, mkono umodzi wosokedwa theka. Mpando unali utagwa chagada. Mpukutu wa nsalu yabuluu unali pakona, ndipo pa tebulo panali kapilo ka singano kaja, kodzaza bwinobwino, kosagwiritsidwa ntchito.

Anazungulira kuseri, kukhomo la kuchipinda chogona. Ali pafupi anamva kulira kwa khanda, kulira kosasa mawu, kwa mwana amene walira nthawi yaitali popanda womunyamula. Aka kanali koyamba kumva mawu a mwana wa mkulu wake.

Anakweza dzanja kuti agogode, dzanjalo n'kuima m'malere. M'minibasi monse anali akukonza mawu opepesera, koma onse anabalalika. Anagogoda katatu.

"Odi! Achemwali!"

Khanda linapitiriza kulira.

"Achemwali, ndine. Ndine Kabatani."

Kenako bedi linalira, ndipo mawu anamveka chapansipansi, opuma pakati ngati a munthu wokwera phiri.

"Kabatani? Ndiwedi?"

"Ndine, achemwali. Tsegulani, ndabwera kudzakutengani."

"Kankha, sindinakhome. Uyambe wanyamula mwanayu, mng'ono wanga. Ine manja akukana."

Kabatani anakankha chitseko.